Agogo Adafunsa: Kodi Mkwatibwi Ameneyu Ndi Mwana wa Yani?

Anthu akangomaliza kukolola, fodya n'kugulitsidwa, mbatata ya kachewere n'kukwera pamalole, maukwati amayamba kuchuluka m'maboma a m'malire muno. Kuyambira ku Ulónguè mpaka ku Dómuè, Tsangano ndi Furancungo, Loweruka silidutsa popanda nthungululu. Pa maukwati a masiku ano pali munthu mmodzi amene sali m'gulu la ankhoswe kapena aphungu, koma aliyense amamumvera. Ameneyu ndi wojambula zithunzi. Akati imani apa, ngakhale a nyakwawa amaima. Akati sekani, ngakhale apongozi amene akwiya chifukwa cha kagawidwe ka nyama amaonetsa mano.

Ambiri amaganiza kuti ntchito ya wojambula imatha phwando likatha. Zoona zake n'zakuti theka la ntchitoyo limachitika pambuyo pake, iye ali yekha pa kompyuta kapena pa foni, pamene amakonza zithunzi zija asanakazitsukitse. Kakonzedwe kamene katchuka kwambiri ndi kaja kofewetsa chithunzi, koika kankhungu kowala pa nkhope ya mkwatibwi. Kankhungu kameneka kakaikidwa mwa muyezo kamakongoletsa ndithu. Kakapyola muyezo kamabweretsa zimene zidaoneka m'mudzi wina kufupi ndi chipata cha Calómuè.

M'mudzimo mudachitika ukwati wabwino zedi. Mkwati amagwira ntchito mumzinda wa Tete, ndipo mkwatibwi adaleredwa ndi agogo ake chifukwa mayi ake adamwalira iye ali wamng'ono. Ng'ombe idagwa, thobwa lidakwanira aliyense, perekaniperekani adatha dzuwa litalowa. Patapita milungu iwiri wojambula adafika pa njinga yamoto atanyamula alubamu pamodzi ndi chithunzi chachikulu cha m'felemu, ndipo anthu adasonkhana pakhonde kuti aone.

Achinyamata adaomba m'manja. Chithunzicho chidali chofewa ngati nkhungu ya m'mawa m'mwezi wa Juni, velo likuwala, nkhope ya mkwatibwi ili see ngati dzira losenda. Chitafika m'manja mwa agogo, iwo adachiyang'ana nthawi yaitali, nachitembenuzira kumene kudali dzuwa, napukuta galasi ndi nsonga ya kapulana.

"Kodi ameneyu ndi mwana wa yani?" adafunsa motero.

"Agogo, ndine ndemwe," adayankha mkwatibwi uku akuseka.

"Iwe ndikukuona, uli apa. Ndikufunsa uyu wa papepalayu. Kadontho ka amako kali kuti?"

Kuseka kudatha pakhondepo. Mtsikanayo ali ndi kadontho kakuda pansi pa diso lamanzere, kamene mayi ake adali nako pamalo omwewo. Alinso ndi kachipsera pamphumi ka pamene adagwa pangolo ali mwana, ndipo khungu lake ndi lakuda bwino. Pa chithunzipo kadontho padalibe, chipsera padalibe, ndipo khungu lidayezuka ngati la munthu amene wadzola phulusa.

Malume ake a mkwatibwi, amene adalinso nkhoswe, adaitanira wojambula uja pambali.

"Achimwene, ntchito mwagwira, sitikukana. Koma tatitsukirani china chimene simudachikhudze, mayiwa aone mdzukulu wawo."

Mnyamatayo adakanda m'mutu. "Pepani bambo, zoyambirira zija ndidafufuta. Khadi la m'kamera ndili nalo limodzi, ndipo Loweruka lapitali ndidali ndi ukwati wina ku Lifidzi."

Kankhungu kadachokera kuti?

Kufewetsa chithunzi sikudayambe ndi kompyuta. Mu 1863 mayi wina wokhala ku England, Julia Margaret Cameron, adalandira kamera ngati mphatso kuchokera kwa mwana wake wamkazi, iye ali ndi zaka 48. Adayamba kujambula nkhope za abale ndi anzake mofewa, mwadala, ndipo akatswiri a nthawiyo adamunyoza kuti sadziwa kugwira kamera. Lero zithunzi zake zikusungidwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera ntchito zaluso ku London ndi ku New York.

M'zaka za m'ma 1930 ojambula a ku Hollywood ankakuta diso la kamera ndi kansalu kopyapyala konga ka sokosi ya akazi, kapena kupaka Vaseline pang'ono pa kagalasi koikidwa kutsogolo kwa disolo, kuti nkhope za akatswiri a kanema zioneke zowala. Makampani a ku Germany adapanga magalasi a ntchito yomweyi, monga Imagon la Rodenstock ndi Softar la Zeiss. M'masitudiyo akale m'maiko ambiri munkakhalanso munthu amene ntchito yake idali kukhala ndi pensulo yosongoka bwino n'kumadzaza makwinya pa negetivi, kamzere kamodzikamodzi. Popeza ntchitoyo inkadya nthawi, munthu sankakonza nkhope yonse mwachisawawa.

Cha m'ma 1980 wojambula wa ku Canada, Michael Orton, adatchukitsa njira ina. Ankajambula chinthu chimodzi kawiri, koyamba mooneka bwino, kachiwiri mosaoneka bwino, zonse ziwiri zowala mopitirira, kenaka n'kusanjikiza mafilimu awiriwo. Chotsatira chake chidali chithunzi chooneka bwino koma chokhala ngati chikutulutsa kuwala. Njira imeneyi ndi imene kompyuta imatsanzira mpaka lero.

Pulogalamu ya Photoshop, imene adaiyambitsa abale awiri Thomas ndi John Knoll, idatulutsidwa ndi kampani ya Adobe mu 1990. Pambuyo pake zonsezi zidalowa m'mafoni: Snapseed, imene Google idagula mu 2012, ndi Facetune, imene idatuluka mu 2013, ndi zitsanzo chabe. Mafoni ambiri amabweranso ndi batani lokongoletsa nkhope m'kamera momwemo, ndipo pa ena batanilo limakhala lotsegula kale mwini wake osadziwa. Ntchito imene inkatenga tsiku lathunthu ndi pensulo tsopano ikutheka ndi chala chimodzi, ndipo chala sichitopa, n'chifukwa chake chimapitirira malire.

Mmene kompyuta imachitira

Pali kusiyana pakati pa chithunzi chofewa ndi chithunzi chosaoneka bwino. Chofewa chili ngati nkhope imene ili m'kati mwa velo. Maso, mphuno ndi milomo zili pamalo pake ndipo mkwati akudziwa amene akulowa naye m'tchalitchi, kungoti kuwala kwafalikira pang'ono. Chosaoneka bwino chili ngati kudziyang'anira m'madzi a pachithaphwi ng'ombe zitangodutsamo.

Chithunzi cha m'kompyuta chimapangidwa ndi timadontho mamiliyoni ambiri totchedwa mapikiselo, kalikonse ndi mtundu wake. Wojambula wodziwa ntchito amayamba wapanga kope la chithunzi, n'kuliika pamwamba pa choyambirira ngati mapepala awiri osanjikizana. Kope lapamwambalo amalisokoneza ndi chida chotchedwa Gaussian Blur, chimene pa kompyuta ya Chipwitikizi chimalembedwa kuti Desfoque Gaussiano. Dzinali lidachokera kwa katswiri wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss, amene adamwalira mu 1855. Chimene chidachi chimachita ndi kusakaniza mtundu wa kadontho kalikonse ndi mitundu ya timadontho toyandikana nako, tapafupi tikumalowerera kwambiri kuposa tapatali. Timabowo ta pakhungu, makwinya ang'onoang'ono ndi thukuta zimasungunukira m'kusakaniza kumeneku.

Akatero amachepetsa mphamvu ya kope lapamwambalo mpaka litatsala ndi magawo 20 kapena 30 pa 100, kuti chithunzi chapansi chizionekera. Pomaliza, ndipo apa ndi pamene pamadziwikira mmisiri, amafufuta kankhungu kaja pa maso, nsidze, milomo, mano, tsitsi, mphete, maluwa ndi zoluka za pa diresi. Munthu akamaona chithunzi amayamba kuyang'ana maso. Maso akakhala akuthwa, chithunzi chonse chimaoneka chamoyo ngakhale kwina kuli kofewa. Maso akalowa m'nkhungu, mkwatibwi amafanana ndi chidole cha m'sitolo ya zovala.

Palinso kusankha mmene mapepala awiri aja asakanikirane. Njira yotchedwa Screen nthawi zonse imawalitsa, kotero kuti pa khungu lakuda imabweretsa mtundu wa phulusa, ndipo diresi loyera limapserera mpaka zoluka zonse zimene telala adavutika nazo zimasowa. Njira yotchedwa Soft Light imasunga mtundu wa khungu bwinoko. Wojambula amene sadziwa kusiyana kumeneku amayeretsa anthu ngakhale iye sadafune kutero.

Kuchotsa zipsera ndi ntchito ina yapadera. Pali chida chimene chimatenga khungu losalala lapafupi n'kuphimbira pamene pali chilema. Ojambula osamala ali ndi lamulo lawo pa nkhaniyi: chimene chikanatha chokha pa milungu iwiri, monga chiphuphu, pamene padaluma udzudzu kapena kufiira kwa maso, chichotsedwe. Chimene munthu amakhala nacho masiku onse, monga kadontho kobadwa nako, chipsera chakale, mpata wa pakati pa mano kapena mphini, chisakhudzidwe pokhapokha mwini nkhope atapempha yekha.

Chofunika kudziwa n'chakuti mapepala awiri aja akaphatikizidwa n'kusungidwa ngati chithunzi chimodzi, zimene zafufutidwa zapita. Ufa ukatuluka m'chigayo subwereranso kukhala chimanga. Alipo mapulogalamu, monga Remini, amene amaoneka ngati akubweza nkhope yosaoneka bwino, koma kwenikweni amangolosera potengera nkhope zambirimbiri za anthu ena. Angathe kupatsa munthu maso akuthwa ndi mano oyera, koma sangadziwe kuti pansi pa diso lamanzere padali kadontho ka mayi ake.

Khungu lakuda ndi diresi loyera

Vuto la kujambula khungu lakuda ndi lakale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumizira otsuka zithunzi khadi lotchedwa Shirley, pamene padali chithunzi cha mkazi wachizungu, ndipo makina ankawalinganiza kuti khungu la mkazi ameneyo lizituluka bwino. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana lidabwera m'zaka za m'ma 1990. Achikulire amene amakumbukira zithunzi zakale zimene munthu ankangooneka mano ndi maso okha, chimodzi mwa zifukwa zake chidali chimenechi. Kampani ya ku China ya Transsion, imene imapanga mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix, idatchuka mu Africa mwa zina chifukwa idakonza makamera ake kuti azigwira bwino khungu lakuda.

Pa ukwati vutoli limakula chifukwa cha diresi. Kamera ikaona nsalu yoyera ikuwala padzuwa la masana, imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse, ndipo nkhope imada kupitirira mmene ilili. Wojambula akafika pa kompyuta amayamba kuwalitsa nkhopeyo, amaonjezerapo kankhungu, ndipo posakhalitsa wapitirira mtundu weniweni wa munthu.

Mankhwala ake ali pa tsiku la ukwati lomwelo. Akwati akaima pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi, kuwala kumakhala kofewa kale. Dzuwa la m'mawa ndi la chakumadzulo limakomera nkhope kuposa la pamutu. Mwana mmodzi atagwira nsalu yoyera chapafupi, kunja kwa chithunzi, kuwala kumabwerera pa nkhope n'kuchotsa mithunzi ya pansi pa maso. Kansalu kopukutira thukuta ndi paudala pang'ono zimagwira ntchito imene kompyuta ikanaigwira moononga.

Nkhani ya kuyeretsa khungu pa chithunzi si yaing'ono. Mtsikana amene tsiku lililonse amaona pakhoma nkhope yake itayeretsedwa, alendo onse n'kumati koma ndiye mudakongola, amayamba kukayikira nkhope imene amaiona pagalasi. Kuchoka pamenepo kupita ku mafuta oyeretsa khungu a pamsika si patali. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala otchedwa hydroquinone, ena mercury, ena mankhwala amphamvu a matenda a pakhungu. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali khungu limapyapyala, pamasaya pamabwera zigamba zakuda zovuta kuchiza, ndipo mercury imaononga impso. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, ndipo Rwanda idayamba kuchotsa mafuta otere m'masitolo mu 2018.

Maiko ena aona kuti zithunzi zokonzedwa zimasokoneza achinyamata. Ku France kuyambira mu 2017 chithunzi chotsatsa malonda chimene thupi la munthu lasinthidwa ndi kompyuta chiyenera kulembedwa kuti chakonzedwa, ndipo Norway idayamba kutsata lamulo lofanana nalo mu 2022. Malamulo amenewa ndi a zamalonda, sakhudza alubamu ya m'nyumba. Pa chithunzi cha ukwati woika malire ndi banja lenilenilo.

Wojambula nayenso ali ndi mawu

Kungakhale kulakwa kusenzetsa wojambula mlandu wonse. Nthawi zambiri mkwatibwi ndi anzake ndi amene amabwera ndi foni, n'kuonetsa chithunzi cha pa Facebook cha ukwati wa ku Maputo kapena Johannesburg, n'kunena kuti chathu chituluke chonchi. Wojambula akasiya chiphuphu chimodzi amauzidwa kuti sadziwa ntchito, ndipo ukwati wotsatira umapita kwa mnzake amene amayeretsa mosaumira. Ambiri mwa anyamatawa adaphunzira okha, ali ndi kamera imodzi, khadi limodzi ndi kompyuta yakale imene imadalira magetsi osadalirika. Malipiro awo nthawi zina amadikira kuti ndalama za perekaniperekani ziwerengedwe, ndipo amalandira zotsala pambuyo pa wa zokuzira mawu ndi wophika keke.

Komanso kukonza kwina ndi chifundo chenicheni. Mkwatibwi amafika pa tsikulo atatopa. Wachezera usiku ndi alangizi, maso afiira ndi utsi wa kukhitchini, nkhawa yamutulutsa ziphuphu, ndipo fumbi la mu Ogasiti lamumatirira pa thukuta. Mkwati naye lumo lamusiyira totupa pachibwano. Kuchotsa zimenezi ndi kubwezera anthu nkhope zawo za masiku onse, ndipo palibe gogo amene angadandaule nazo. Kankhungu kochepa pa chithunzi chimodzi kapena ziwiri za akwati okha, dzuwa likulowa kumbuyo kwawo, n'kokoma kuona.

Pamene palakwika ndi pamene wojambula amasankha yekha, osafunsa, kuti kadontho aka n'konyansa, mtundu uwu ngwakuda kwambiri, mphuno iyi ichepe. Ndipo cholakwa chachikulu kuposa zonse ndi kufufuta zithunzi zoyambirira eni ake asanaone zokonzedwazo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Zogwirizana ukwati usanachitike

Ankhoswe amakambirana za ng'ombe, za malo ndi za galimoto ya akwati. Nkhani ya zithunzi iyeneranso kukhala pa mkeka womwewo.

Choyamba, banja lipemphe kuona alubamu yotsukidwa kale ya ukwati wa anthu amene likuwadziwa. Ngati mkwatibwi wa m'alubamuyo sakuzindikirika kwa anthu amene amatunga naye madzi pa mjigo umodzi, wojambulayo dzanja lake ndi lolemera.

Chachiwiri, akwati anene poyera zimene sizikhudzidwa: mtundu wa khungu, zobadwa nazo, zipsera zakale. Ngati mwini wake akufuna kuti chipsera china chichotsedwe chifukwa chimamukumbutsa zowawa, ufulu ndi wake, koma anene yekha ndi pakamwa pake.

Chachitatu, agwirizane kuti zithunzi zibwera mitundu iwiri, zoyambirira zosakhudzidwa ndi zokonzedwa. Banja ligule lokha fulashi kapena khadi losungira zithunzi n'kupatsa wojambula, kuti asadzanene kuti malo adamuthera. Gawo lomaliza la malipiro, kaya ndi ndalama zapamanja kaya ndi M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, liperekedwe zonse ziwiri zitafika.

Chachinayi, zithunzi zoti zikatsukidwe zisatumizidwe pa WhatsApp mwa njira wamba, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chiyende msanga. Zitumizidwe posankha mawu akuti Documento, pamenepo zimafika zathunthu. Kuti chithunzi cha masentimita 10 ndi 15 chituluke chakuthwa chimafuna mapikiselo pafupifupi 1200 ndi 1800, ndipo cha masentimita 20 ndi 30 chimafuna pafupifupi 2400 ndi 3600. Chithunzi chochepetsedwa chikakulitsidwa chimakhala ndi nkhungu yakeyake imene palibe adaipempha.

Chachisanu, chithunzi chachikulu cha m'felemu chionedwe kaye pa kompyuta chisanatsukidwe, ndipo pa kuonako pakhale munthu wamkulu mmodzi amene adamlera mkwatibwi kapena mkwati. Anzake a mkwatibwi amaona diresi ndi tsitsi, koma womlera amaona nkhope.

Chachisanu ndi chimodzi, chithunzi cha banja lonse chisaikidwe kankhungu. Pa chithunzi chimenechi pamakhala anthu amene mwina sadzajambulidwanso. Imvi zawo, makwinya awo ndi mphini za agogo aakazi zisiyidwe mmene zilili, chifukwa zidzukulu zidzafuna kuona zimenezo.

Pomaliza, zithunzi zotsukidwa zimaopa dzuwa, utsi ndi chinyezi. Felemu isapachikidwe moyang'anana ndi zenera kapena pafupi ndi pophikira, ndipo alubamu isasungidwe pansi m'nyengo ya dzinja. Fulashi nayo imatha kufa kapena kutayika, choncho ndi nzeru kukhala ndi makope awiri, limodzi kwa akwati, lina kwa makolo.

Chithunzi ndi mboni

Anthu a m'malire muno amadziwa mtengo wa chithunzi kuposa ambiri. Pa nthawi ya nkhondo anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ambiri atanyamula ana ndi mphika basi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 adayamba kubwerera, koma m'mabanja ambiri zithunzi za makolo zidapsera m'nyumba kapena kudyedwa ndi chiswe. Alipo anthu akuluakulu lero amene sadziwa nkhope ya bambo awo.

Katswiri wojambula wa dziko lino, Ricardo Rangel, amene adabadwa mu 1924 namwalira mu 2009, ndiponso adatsogolera sukulu yophunzitsa kujambula imene idatsegulidwa ku Maputo mu 1983, adasiya chithunzi chotchuka cha m'nthawi ya atsamunda. Pa chithunzicho pali mnyamata woweta ng'ombe amene bwana wake adamutentha pamphumi ndi chitsulo chodindira ziweto. Chipsera chimenecho ndicho chidapangitsa chithunzicho kukhala umboni. Chithunzi cha ukwati sichinyamula nkhani yowawa chotero, koma nachonso chimafunsidwa mafunso patapita zaka: adafanana ndi yani, mphuno iyi idachokera kuti, kodi mwana wabadwayu watengera mbali iti?

Agogo a ku Calómuè aja ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha mwana wawo wamkazi. Ndi kakang'ono, kojambulidwa ku Dedza pa nthawi yothawa nkhondo, ndipo amakasunga m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Kadafwifwa, m'mbali mwake mudadyeka, koma kadontho ka pansi pa diso kakuoneka. Chimene ankafuna pa tsiku lija chidali kuika zithunzi ziwirizo pamodzi, cha mayi ndi cha mwana.

Nkhaniyo idathera kwa mnyamata wina wa m'banjamo, wa zaka 14, amene pa tsiku la ukwati ankangojambula chilichonse ndi foni ya Itel ya bambo ake. Pa zithunzi zake padapezeka chimodzi chimene mkwatibwi akutuluka m'tchalitchi akuseka. Ndi chopendekeka, phewa la mkwati lidadulidwa, ndipo kumbuyo kukuoneka mwana akulira. Malume adapita nacho ku Ulónguè n'kukachitsukitsa.

Chachikulu cha kankhungu chija chidapita ku Tete ndi akwati, ndipo alendo a kumeneko amachiyamikira. Chopendekekacho chili m'buku la nyimbo, patsamba limodzi ndi cha ku Dedza. Wojambula uja adagula khadi lachiwiri, ndipo masiku ano asanakhudze nkhope ya munthu amayamba wafunsa kuti, "Mayi, apa ndichotse kapena ndisiye?"